Zigubu Zinayi za M'garaja

1. Mafuta satayidwa

Zigubu zija ndinagula ndine. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa anthu a kutchalitchi akamakamba nkhani iyi amangotchula dzina la mwana wanga, ngati kuti zigubuzo zinachita kumera zokha m'garaja mwathu.

Chinali chaka chija mafuta anasowa muno mu London. Azungu ankaima pamizere akuyang'ana wotchi, akudandaula. Ine sindinadandaule. Ndinakulira ku Ndirande, ndipo ndinaonapo anthu akugona pa filing'i masiku anayi kudikira mafuta amene sanabwere. Munthu woona zimenezo akamva kuti mafuta akusowa safunsa kuti asowa mpaka liti. Amafunafuna chigubu.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kagalimoto ka dizilo koyendera kwa odwala anga. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo, kuyambira ku Woolwich mpaka ku Abbey Wood. Ndinadzaza zigubu zinayi, china lero china mawa, n'kuziika m'garaja kuseri kwa mafulati athu. Ziwiri zinali ndi zivindikiro zothetheka, ndiye ndinamangapo pulasitiki ndi mphira monga timachitira kwathu.

Pasanathe mwezi mafuta anabwerera m'mapampu. Patapita nthawi kagalimoto kaja kanatha, ndinayamba kukwera basi. Zigubu zinatsala momwemo zaka zitatu, denga la garaja likudontha mvula iliyonse.

Mwana wanga ndi mmodzi, dzina lake Atikonda. Anabwera kuno ali ndi zaka zinayi. Chichewa amamva chonse koma amandiyankha m'Chingerezi, makamaka akafuna kundipsetsa mtima. Ndinamulera ndi lamulo limodzi: m'nyumba muno sititaya chinthu. Mpunga wotsala ndi wa mawa. Botolo la jamu likatha limasanduka kapu. Lamulo limeneli analigwira bwino kuposa malamulo anga ena onse.

2. Chinyumba

A Biswick ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Anali makaniko wa mabasi ku Blantyre, kenako kuno zaka zoposa makumi awiri. Atapuma pa ntchito, iwo ndi akazi awo, mayi Joyce, anagula galimoto ya nyumba, zija Azungu amati mothahomu. Si zing'onozing'ono zija ayi. Iyi inali yaitali ngati minibasi ziwiri zolumikiza, mkati muli bedi, chimbudzi, sitovu ndi makatani amene mayi Joyce anasoka okha. Ife tinkangoti Chinyumba. Chinkagona m'bwalo la mpanda kuseri kwa tchalitchi, misewu iwiri kuchoka kwathu.

Chinyumba chinatithandiza tonse. Mafulati athu ndi aang'ono, ndiye pakagwa maliro azimayi ankaphikira tiyi mmenemo, okalamba n'kumapumulamo.

Mayi Joyce anamwalira chaka chatha ku Leicester, kwa mwana wawo Fiona, ndipo anaikidwa komweko. Kuchokera pamenepo msana wa a Biswick unagonja. Kukhala pampando nthawi yaitali sangathe, ndipo chimbudzi chimafunika chikhale pafupi. Ndimawasamalira m'mawa katatu pa sabata, ndiye ndikudziwa zimene ndikunena.

Tsiku lovundukula chiliza cha mayi Joyce linali Loweruka, 12 koloko masana. Fiona anati bambo ake asavutike, adzawaonetsa zonse pa foni. Iwo anakana. Anati mkazi amene anakhala naye zaka makumi anayi ndi zisanu, nsalu ya pachiliza chake sangachotse munthu wina. Anati adzapita atagona pabedi la m'Chinyumba, ndipo akadzafika kumanda adzaimirira ndi ndodo.

Woyendetsa anapezeka, a Newton a ku Zambia, amene amayendetsa mabasi ku Lewisham. Wokonza galimoto, a Biswick anasankha Atikonda.

Atikonda ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndipo akuphunzira umakaniko ku koleji. Sipanala anayamba kuigwira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pansi pa Chinyumba chomwecho, a Biswick akumulozera. Anzake a kwaya amamutcha Girisi. Iye sasamala. Munthu yekhayo amene amamuyankha m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi a Biswick.

3. Mawu a a Biswick

Lolemba masana a Biswick anaitanitsa Atikonda kunyumba kwawo. Ine ndinali pomwepo ndikupinda zofunda.

"Ati, khala pansi. Foni iike uko. Batire, oyilo, mabuleki, zimenezo ukuzidziwa, sindikuuzanso. Ndikufuna ndikuuze za dizilo.

"Choyamba, ine ndinalakwa. Galimoto ikamakhala nthawi yaitali osayenda, thanki imayenera kukhala yodzaza. Ukaisiya theka, mpweya wa mkatimo umachita thukuta kukazizira, madzi n'kutsikira pansi. Agogo ako atamwalira mutu unaima, ndinaisiya ili ndi mafuta ochepa. Tsono madzi alimo, sindikukayika. Utsegule kampopi ka pansi pa fyuluta yosefa dizilo, madziwo atuluke. Uike fyuluta yatsopano. Ina yapadera ili m'bokosi la pansi pa bedi, imeneyo ndi ya panjira.

"Dizilo wa masiku ano si uja tinkamudziwa ife. Amasakanizamo mafuta a mbewu, ndipo amakoka madzi ngati mchere nthawi ya dzinja. Akakhala ndi madzi mumamera tizilombo. Tizilomboto sutiona, koma uve wake umauona, wakuda, woterera ngati ndere. Umenewo ukafika pa fyuluta, injini imafa ndi ludzu thanki ili yodzaza. Dizilo ali ngati chimanga. Cha chaka chino ndi chakudya, chogonera zaka ndi cha anankafumbwe.

"Kwathu ndinaona basi ya injini yatsopano itaphedwa ndi dizilo wa m'chigubu, wogula m'mbali mwa msewu. Dalaivala sanali munthu woipa, ankangofuna ulendo usaime. Anthu odzaza basi anagona pa Zalewa, wina akupita ku chipatala. Tsono ife mafuta tikathira pa filing'i yaikulu, pamene pamamwera malole, chifukwa pamenepo mafuta sagonera. Za m'chigubu ayi.

"Chomaliza. Timabotolo ta mankhwala tija mumaona pa foni, toti galimoto izidya pang'ono, usandiikire. Alipo mankhwala abwino opha tizilombo, sindikukana, koma ali ndi muyezo wake, ndipo zakufazo zimafunabe munthu azichotse. Palibe mankhwala osandutsa madzi kukhala mafuta. Ukafuna Chinyumba chidye pang'ono, popa matayala mokwanira. Thanki ya madzi osamba usaidzaze ngati tikupita kuchipululu. Katundu wosafunika utsitse. Ndipo umuuze Newton phazi lake lipepuke, si basi ya kampani iyi. Nzeru yake ndi yomweyo, palibenso ina."

Atikonda anati wamva. A Biswick anamupatsa kiyi, wa chingwe chofiira chimene mayi Joyce analuka. Kiyi ameneyo sanam'patsepo munthu aliyense, ngakhale Fiona. Mwana anafika naye kunyumba n'kumupachika pamsomali wa m'chipinda mwake, pamwamba pa bedi.

4. Lachinayi

Lachinayi ndinaweruka 2 koloko masana, miyendo itatupa. Pakhomo ndinapeza kalata ya oyang'anira mafulati. Ankati mawa lake adzayendera magaraja onse, ndipo aliyense wosunga zinthu zoyaka moto adzamulanda garajayo.

Ndinakumbuka zigubu. Ndinaitana Atikonda.

"Zigubu zija zichoke lero," ndinatero. "Kaya uzipititsa kuti, ine sindikufuna kumva. Koma usakakhuthulire m'ngalande. Mafuta satayidwa."

Anayamba kunena kanthu. Ndinamuuza kuti mutu ukundipweteka, ndinakagona. Mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna kunena.

Zimene zinachitika masana amenewo anandiuza pambuyo pake. A Newton anali atatumiza uthenga woti awasinthira shifiti, Lachisanu sabwera kudzatenga Chinyumba kukathira mafuta. Anati adzangoima panjira Loweruka m'mawa. Atikonda anaona kuti kuimako kudzachedwetsa ulendo, agogo ali pabedi ndi msana wawo. Ndiye uku thanki yopanda mafuta, uku zigubu zinayi zopanda kopita.

Ananyamula zigubuzo pa kangolo kanga kogulira zinthu kumsika, chimodzichimodzi, maulendo anayi. Atafika nazo kubwalo kuja, anathira pang'ono m'botolo la jamu n'kuliyang'ana padzuwa, monga anamuphunzitsira a Biswick. Dizilo wabwino amaonekera mbali inayo. Uyu anali ngati madzi otsukira mpunga, pansi pali timizeremizere takuda.

Anadziwa. Asakunamizeni munthu kuti mwana sanadziwe. Iye mwini anandiuza kuti anaima nalo botololo nthawi yaitali.

Kenako anakumbuka nkhani yanga. Ndinkakonda kumusimbira mmene anyamata a ku Ndirande ankasefera mafuta pa nsalu nthawi ya kusowa ija, galimoto n'kumayenda. Ndinkasimba monyadira, kuti aone kuti kwathu anthu ndi ochenjera. Sindinamuuzepo kuti galimotozo zinkakafera kuti, chifukwa nanenso sindinkadziwa.

Anabwerera kunyumba ine ndili m'tulo, anatenga chitenje changa chakale cha maluwa achikasu. Anadzera kusitolo ya zipangizo za galimoto ku Plumstead, anagula kabotolo ka mankhwala. Pakabotolopo analemba kuti amatsitsimutsa dizilo wakale, amatsuka injini, ndiponso galimoto imadya pang'ono. Muyezo wake unali kachivindikiro kamodzi pa thanki. Iye anati mafuta odwala kwambiri afunika mankhwala ambiri, anathira botolo lonse.

Anasefa zigubu zonse zinayi pachitenje chija. Analiza injini, inalira bwino. Anaisiya ilire mphindi khumi, sinatsokomole. Chitenje chinali chitada bii, koma sanachitaye. Anachikulunga m'pulasitiki n'kuchiika m'bokosi la pansi pa bedi kuti adzachiche.

Lachisanu m'mawa ndinaona zigubu zinayi pakhonde pathu, zopanda kanthu, zitasanjidwa bwinobwino. Ndinali wochedwa. Sindinafunse.

5. Funso loyamba

Loweruka 7 koloko m'mawa tinali tonse kubwalo. A Biswick anavala suti yakuda ndi tayi wa pa ukwati wawo. M'thumba la jekete munali pepala la mawu amene analemba oti akanene kumanda. Sabata yonse ankalikonza, ine ndikuwanolera pensulo. Tinawakweza ine ndi a Newton, tinawagoneka pabedi, ndinawatsamiza mapilo atatu.

A Newton ndi munthu wanthabwala. Anayendera matayala akuwamenya ndi nsapato, akunena kuti Amalawi timakonda zinthu zazikulu zimene sitingathe kuyendetsa, mpaka kubwereka madalaivala kwa aneba. A Biswick anayankha ali gone kuti Azambia amadziwa kuyendetsa chifukwa kwawo kulibe choti munthu aime n'kuyang'ana. Anaseka onse awiri.

A Newton atatembenuza kiyi anayang'ana geji n'kuimba kalikhweru.

"Ba Effie, uyu mwana wanu ni wa nzelu. Tanki yazula kale. Manje sitizaimilila."

A Biswick anadzutsa mutu.

"Ati, mafuta wathira kuti?"

Atikonda anali atakhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Sanatembenuke. Anati mchimwene wa mnzake wa ku koleji ali ndi laisensi ya malole, ndiye anapita naye dzulo ku filing'i yaikulu ya ku Thamesmead.

A Biswick anati akanawauza kaye munthu wachilendo asanagwire chiwongolero, komabe wachita bwino. Anagonanso.

Ine ndinali ndikulongedza mafulasiki a tiyi ndi mandasi. Ndinamva funsolo, ndinamvanso yankho. Zigubu zopanda kanthu ndinali nditaziona ndi maso anga dzulo lake. Mayi wogona mokwanira akanazindikira pomwepo. Ine mutu unali pa mafulasiki.

6. Funso lachiwiri

Sitinapite patali. Tili ku Charlton, tisanalowe njira ya pansi pa mtsinje, Chinyumba chinatsokomola kawiri. Mphamvu zinatha. A Newton anachikhotetsera m'kamsewu ka pafupi ndi masitolo, chinazima chokha.

A Biswick sanafunse n'komwe. Anangoti, "Fyuluta."

Atikonda anavala ovolosi pamwamba pa diresi la kutchalitchi, anatenga fyuluta yapadera ija m'bokosi, anatsika. Kunena zoona, mwanayo ntchito amaidziwa. Anamasula, anaika yatsopano, anapopa kuti mpweya utuluke. Zinamutengera nthawi chifukwa injini inkakana kudzuka, koma isanakwane 9 koloko inalira.

A Newton anawomba m'manja. Mzungu wina wodutsa ndi galu anaima n'kunena kuti mwana wake wamwamuna sangasinthe ngakhale babu.

A Biswick anati awaonetse fyuluta yakale. Atikonda anabwera nayo m'pulasitiki. Fyuluta ya masiku atatu inali yakuda, ikutuluka zonanda. Anaiyang'ana, anainunkhiza, anapukusa mutu.

"Ndi zanga izi," anatero. "Ndi uve wa chaka chija ndinasiya thanki theka. Mafuta atsopano auvundula. Wambiri watha pamenepa."

Anadziimba mlandu pamaso pa mwana, mwana ali chete.

Nthawi yomweyo Fiona anaimba foni. Atamva kuti taima, anati tisiye galimotoyo pomwepo. Anati titenge takisi mpaka ku siteshoni ya St Pancras, iye aimbira a sitima kuti adikire bambo ake ndi chikuku. Sitima ndi ola limodzi lokha, ndipo chimbudzi chilimo. Akamwa mankhwala a ululu apirira. Nthawi inalipo yokwanira, mpaka yotsala.

A Biswick sankafuna sitima. Ankafuna kufika ndi Chinyumba, chimene mayi Joyce anasokera makatani. Komabe si munthu wamakani pa zinthu zooneka. Anauza Fiona kuti adikire kaye, anaika foni pachifuwa, anaitana Atikonda kuti abwere pafupi ndi bedi.

"Makaniko ndiwe lero. Ine maso anga safika m'thanki. Undiuze, tifika?"

Ndinali nditaima pafupi ndi sitovu. Ndinamuona mwana wanga akupukuta manja ndi kansanza, chala chimodzichimodzi. Anayang'ana a Newton, amene anali akumwetulirabe. Anayang'ana ine. Ine ndinamukodola ndi mutu kuti ayankhe msanga, nthawi ikupita.

"Tifika, agogo," anatero.

A Biswick anauza Fiona kuti makaniko wanena, tikubwera.

7. Pamsewu wa North Circular

Tinadutsa pansi pa mtsinje aliyense atagwira mtima. Chinyumba chinayenda. Koma titalowa North Circular chinayamba kulemera. A Newton ankaponda, icho n'kumangokwawa ngati ngolo ya abulu, malole akutiimbira mahutala. Nthabwala zinatha. Itangopitirira hafu teni, tisanafike ndi poyambira msewu wa ku Leicester pomwe, chinazima kachiwiri.

A Newton anachikankhira pakamalo kopapatiza m'mbali mwa msewu. Uku chipupa, uku magalimoto othamanga. Munthu wa ndodo sakanatsika pamenepo. Fyuluta ina panalibe. Okoka magalimoto anati galimoto yaikulu choncho imafuna chilole chapadera, tidikire maola awiri kapena atatu.

A Newton anapempha sanza yopukutira manja. Ndinagwada, ndinatsegula bokosi la pansi pa bedi, ndinatulutsa pulasitiki yoyamba imene dzanja linagwira. Fungo linandiwomba ndisanamasule. Chinali chitenje changa cha maluwa achikasu, chakuda, chonyowa, pakati pake pali bwalo la zonanda.

Pamenepo ndi pamene mutu wanga unadzuka.

Ndinangochinyamula m'mwamba, ndinayang'ana Atikonda. Ndikanatha kuchibweza m'bokosi, ndipo maganizo amenewo anandibwerera ndithu. Koma iye anadzuka pampando, anabwera kudzagwada pafupi ndi bedi, ananena zonse. Za kalata, za kangolo, za botolo la jamu, za mankhwala, za mchimwene wa mnzake amene kulibe. Ananena m'Chichewa, mawu ena akupotoka, osasakanizamo Chingerezi ngakhale pamodzi.

A Newton anatsika mwakachetechete, anakaima kumbuyo kwa galimoto.

A Biswick anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Kenako anapempha foni, anaimbira Fiona. Ndinkamva mawu ake akutuluka mufoni. Anati abusa ali ndi ukwati 2 koloko, abale ena achokera ku Manchester ndi ku Glasgow ndipo ayenera kubwerera lero. Anafunsa ngati adikire.

"Musadikire," anatero a Biswick. "Vundukula ndiwe, mwana wanga. Uyambe mbali ya kumutu, pang'onopang'ono. Mayi ako sankakonda zaphuma."

Itakwana 12 koloko Fiona anaimbanso foni, ya kanema. A Biswick anakana kuyang'ana. Anati mwalawo adzauona ndi maso awo kapena sadzauona n'komwe. Anavundikira foni pachifuwa, anamvetsera. Tinamva azimayi akuimba, mawu akudukaduka, malole akudutsa n'kumagwedeza Chinyumba chonse. Tinamva abusa akunena kuti bambo wa pakhomo anakonza mawu koma alephera kufika. A Biswick anapisa dzanja m'thumba la jekete, anagwira pepala lija, sanalitulutse.

Foni itaduka, anatembenuza mutu.

"Ati, imirira. Maondo awo ndi a ntchito.

"Za dizilo ndikanakukhululukira pa Charlton pomwe paja. Palibe makaniko amene sanaphepo injini. Ine ndinapha ziwiri, ina ya bwana wamkulu. Chitsulo chimakonzeka. Thanki timatsitsa, timatsuka, timabwezera. Ngakhale bodza la m'mawa lija ndikanati ndi mantha a mwana.

"Koma ndinakufunsa kuti tifika. Pa nthawi ija sitima inalipo, takisi inalipo, nthawi inalipo. Chimene chinalibe ndi mawu ako okha. Ukanangoti, agogo, m'thanki muli zoipa, ndaika ndine, ine bwenzi pano ndili kumanda ndi ndodo yanga. Iwe bwenzi uli ndi manyazi a tsiku limodzi.

"Munthu akakufunsa za galimoto sakufunsa za chitsulo. Akufunsa za kumene akupita. Wina akupita kukabereka, wina ku mayeso, wina kumaliro. Sangalowe pansi pa galimoto kukadzionera yekha, n'chifukwa chake amafunsa iwe. Ukamuuza zoona zowawa, amapeza njira ina. Ukamuuza bodza lokoma, wamulanda njira zonse. Ku koleji kwanuko kaya amaphunzitsa zimenezi, koma ntchito yathu ndi yomweyi."

Atikonda sanalire mokweza. Misozi inkangogwera pa ovolosi.

Ine ndinati zigubuzo zinali zanga, ndipo ndine ndinamuuza kuti mafuta satayidwa. A Biswick anati akudziwa. Anati njala ya kwathu tonsefe tinabwera nayo m'chikwama, iwonso ali ndi mabawuti a mabasi amene anasiya kupangidwa kalekale. Kenako anapempha kuti ndiwamasule tayi. Ndinawamasula, ndinamupinda, ndinamuika pansi pa pilo.

Chilole chinafika cha m'ma 2 koloko. Mandasi sanadye munthu.

8. Msomali

Chinyumba anachikokera kubwalo la tchalitchi. Wokokayo anati thanki iyenera kukhuthulidwa yonse, kutsitsidwa ndi kutsukidwa, mapaipi onse kupopedwa. Anati za mkati mwa injini adziwa akadzatsegula.

Lamlungu Atikonda sanapite kutchalitchi. Ine ndinapita, chifukwa wina anayenera kukhala pabenchi pathu. Azimayi anandipatsa moni wabwino kwambiri, uja amapatsa munthu amene akumukamba.

Lolemba Fiona anabwera kuchokera ku Leicester. Sanandikalipire, ndi mwana woleredwa bwino. Anangondiuza pakhomo la bambo ake kuti Chinyumba akugulitsa mmene chililimo, wapeza kale munthu wa ku Croydon wogula magalimoto owonongeka, abwera Loweruka. Anati bambo akenso sangakhalenso okha kuno, akuwafunira malo kunyumba ya okalamba pafupi ndi iye. Kuyambira Loweruka lija a Biswick anali asanadzuke pabedi. Nditawafunsa ngati avomera, anati munthu wopanda miyendo savomera kapena kukana.

Madzulo ndinamuuza Atikonda zonsezi, osachotsapo kanthu. Ndinamuuzanso kuti kiyi wa anthu akabweze. Chakudya anachisiya patebulo. Ndinachivundikira, ndinachiika mufiriji.

Lachiwiri m'mawa ndinagogoda pachitseko chake kuti asachedwe ku koleji. Munalibe munthu. Chikwama cha mabuku chinali pabedi. Ovolosi imene imakhala kuseri kwa chitseko panalibe. Ndinayang'ana pamsomali, kiyi wa chingwe chofiira panalibenso.

Ndinatuluka pakhonde. Kangolo kanga kanali katapita, ndi zigubu zinayi zopanda kanthu zija.

Ndinali ndi mphindi makumi awiri kuti ndifike kwa wodwala wanga woyamba ku Abbey Wood. Ndikumanga nsapato, foni inalira. Anali Fiona.

"Anti Effie, wogula uja wabwera lero m'malo mwa Loweruka. Tili naye pageti pano ndi chilole chake. Koma pansi pa galimoto ya adadi pakutuluka miyendo ya munthu, ndipo akukana kuchoka."